Mmene Mkhristu Angaphunzirire Kusakhumudwa Msanga ndi Kusasunga Chakukhosi

Mukakhala pansi ndi anthu amene anasiya kupita kutchalitchi n'kuwafunsa modekha chimene chinawachotsa, kawirikawiri mumapeza kuti ndi kanthu kamene kanachitika tsiku limodzi. Wina dzina lake silinatchulidwe pamene ankawerenga maina a amene anapereka chipepeso pamaliro, wina mkulu wa mpingo anamudzudzula pagulu, wina anadwala mwezi wathunthu koma a kumlaga kapena a kumphakati kwawo sanapite kukamuzonda. Zimenezi zimapweteka ndithu, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Komabe ndaona makwaya akutha, abale a bere limodzi akusiya kuyenderana, ndi amayi a Chigwirizano kapena a Mvano amene akhala akusonkhana limodzi Lachinayi lililonse kwa zaka zambiri akudutsana ngati alendo, chifukwa cha mawu amene wowalankhulayo anawaiwala kalekale. Malangizo awa ndalembera munthu amene watopa ndi kusenza mabala otere, ndipo akufuna mtima umene ungalandire mawu owawa osasweka.

Tisanayambe, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene timazisokoneza. Kumva kuwawa pamene wina wakunyozani si tchimo, ndipo palibe pemphero limene lingakusandutseni chitsa chosamva. Chimene chimawononga ndi kusunga kuwawako, kukufungatira, ndi kukubwereza mumtima mpaka kutasanduka chakukhosi. Ife tili ndi chizolowezi chimene chimaoneka ngati kufatsa pamene chili chinyengo: munthu akatilakwira timamwetulira n'kunena kuti "palibe kanthu", kenaka timasiya kumupatsa moni, timanyanyala ntchito za mpingo, ndipo nkhaniyo timakaifotokozera aliyense kupatula mwini wakeyo. Ameneyo sanagonjetse kukhumudwa, wangokubisa. Zonse zimene zikutsatirazi cholinga chake n'chakuti pamene mukunena kuti palibe kanthu, mumtima mukhaledi mulibe kanthu.

Choyamba, ugwireni mtima pa nthawi imene mawu angokulasani

Zoipa zambiri zimachitika mu ola loyamba. Nkhani ya pa 1 Samueli 25 imaonetsa zimenezi bwino kwambiri. Davide ndi anthu ake anali atateteza abusa a Nabala m'chipululu, munthu wolemera amene anali ndi nkhosa 3,000 ndi mbuzi 1,000. Pa nthawi yometa nkhosa Davide anatuma anyamata khumi kukapempha chakudya mwaulemu, koma Nabala anawabweza ndi chipongwe, akufunsa kuti Davide ndi yani, n'kumuika m'gulu la akapolo othawa ambuye awo. Davide sanafunse kwa Mulungu monga ankachitira nthawi zina. Anangolamula kuti aliyense amange lupanga lake, ndipo ananyamuka ndi amuna 400, atalumbira kuti pofika m'mawa sipadzatsala mwamuna ndi mmodzi yemwe panyumba ya Nabala. Uyu ndi munthu yemwe uja amene m'mutu wapitawo anakana kupha Sauli m'phanga, ngakhale Sauli ankafuna moyo wake. Anapirira mdani wamkulu, koma anatsala pang'ono kugwa chifukwa cha pakamwa pa munthu wopusa. Chinamupulumutsa ndi Abigayeli, mkazi wa Nabala, amene anamuchingamira panjira ndi chakudya n'kumukumbutsa kuti tsiku limene adzakhale mfumu sadzafuna kukhala ndi chikumbumtima cha magazi okhetsedwa pachabe.

Inu simudzapeza Abigayeli panjira nthawi zonse, choncho dziikireni malamulo mudakali odekha. Musayankhe uthenga wa pa WhatsApp umene wakupsetsani mtima mpaka mutagona n'kudzuka. Musajambule mawu n'kutumiza muli ndi mkwiyo, chifukwa mawu ojambulidwa amatumizidwa kwa ena ndipo madzi akatayika sawoleka. Musatuluke m'gulu la mpingo kapena la banja pofuna kuti anthu adziwe kuti mwakwiya. Ngati mawuwo anenedwa pamaso, monga pamsonkhano wa komiti, nenani kuti "Ndamva, ndiloleni ndikaganizire, tidzakambirana", ndipo mukhale pansi. Yakobo 1:19-20 amatilangiza kukhala ofulumira kumva, odekha polankhula ndi odekha pa kupsa mtima, chifukwa mkwiyo wa munthu suchita chilungamo cha Mulungu. Kudikira kumeneku kukhale kwa tsiku limodzi kapena awiri, osati kwa miyezi, pakuti Aefeso 4:26-27 amachenjeza kuti mkwiyo wogonera umapatsa malo Mdyerekezi.

Chachiwiri, lekanitsani chimene chachitika ndi chimene mwachimasulira

Tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi chonena chimene munaona ndi maso kapena kumva ndi makutu anu. Pansi pake lembani chimene mukuganiza kuti munthuyo amatanthauza. Mudzadabwa kuona kuti chiganizo choyamba n'chachifupi, monga "Amayi aja anandidutsa pamsika osandipatsa moni", pamene chachiwiri n'chachitali: amandinyoza chifukwa ndine wosauka, anagwirizana ndi anzawo aja, akhala akundida kuyambira kale. Chimene chikukusowetsani tulo ndi chachiwiricho, ndipo chimenecho mwachilemba ndinu.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa chisoni. Chaka china tinkasonkha ndalama zofolerera tchalitchi, ndipo ndinapereka ndalama imene kwa ine inali yaikulu, nditadzimana zina. Tsiku lowerenga maina langa silinamveke. Ndinatuluka ndili ndi chitsimikizo kuti mlembi wachita dala, popeza tinali titasiyanapo maganizo pa nkhani ina, ndipo kwa miyezi iwiri sindinapite kumlaga, pamene ndinkauza a kunyumba kwanga kuti ndatanganidwa. Pamene ndinalimba mtima n'kukafunsa, bamboyo anatsegula kope pamaso panga, ndipo tinapeza kuti masamba awiri anamatana, moti maina a anthu angapo sanawerengedwe. Iye sankadziwa n'komwe kuti ndinakhumudwa. Miyezi iwiri ndinaweruza munthu wosalakwa, ndipo pa nthawi yonseyo pemphero langa linali louma.

Samalani kwambiri ngati mawu okupwetekaniwo mwawamva kudzera mwa wina. Mlaliki 7:21-22 amalangiza kuti tisamaike mtima pa mawu onse amene anthu amalankhula, kuopa kuti tingamve wantchito wathu akutitemberera, ndipo akupereka chifukwa chimene chimatichititsa manyazi tonse: mtima wathu ukudziwa kuti nafenso tanenerapo ena zoipa kawirikawiri. Munthu akabwera n'kuyamba ndi mawu akuti "Musanene kuti ndakuuzani ndine", mufunseni ngati angalole kuti mupite naye limodzi kwa amene akumunenayo. Akakana, nkhaniyo musaitenge ngati umboni.

Chachitatu, funsani ngati m'mawu owawawo mulibe choonadi

Mawu amatha kunenedwa moipa koma ali oona. Namani, mkulu wa ankhondo a ku Siriya amene ankadwala khate, anafika pakhomo pa mneneri Elisa ndi akavalo ndi magaleta, koma mneneriyo sanatuluke n'komwe, anangotuma mthenga kuti akasambe kasanu ndi kawiri mu Yordano. Namani anachoka atapsa mtima, akunena kuti Abana ndi Faripara, mitsinje ya ku Damasiko, ndi yabwino kuposa madzi onse a mu Israele. Akanabwerera kwawo ndi khate lake pamodzi ndi ulemu wake, antchito ake akanapanda kumunyengerera, monga tikuwerenga pa 2 Mafumu 5. Choncho apongozi anu akanena mokalipa kuti ana anu alibe mwambo, kapena woyang'anira kwaya akanena pagulu kuti mumachedwa nthawi zonse, lekanitsani kalankhulidwe ndi nkhani yake. Kalankhulidweko mutha kukadandaula nako pambuyo pake, koma nkhaniyo ngati ili yoona itengeni, ndipo ngati simungathe kudziweruza nokha funsani mnzanu mmodzi amene saopa kukuuzani zoona.

Chachinayi, sankhani pakati pa kuisiya nkhaniyo ndi kukaikamba

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa Malemba amatipatsa njira ziwiri zokha. Yoyamba ndi ya pa Miyambo 19:11, pamene akunena kuti nzeru za munthu zimamuchititsa kuleza mtima, ndipo ndi ulemerero wake kunyalanyaza cholakwa. Yachiwiri ndi ya pa Mateyu 18:15, pamene Ambuye Yesu akulamula kuti m'bale wako akakuchimwira upite ukamuuze cholakwa chake muli awiri. Njira yachitatu, yokhala chete kwa wolakwayo kwinaku tikulengeza kwa ena onse, ndi imene ambiri timaikonda, koma mulibe m'Buku Lopatulika.

Mungadziwe bwanji njira yoyenera? Nkhani zambiri n'zoyenera kuzisiya: moni wosayankhidwa, nthabwala yopitirira muyeso, mpando umene munayembekezera paukwati koma unapatsidwa kwa wina. Lilime ndi mano zimakhala m'kamwa m'modzi koma zimalumana, ndipo amene akufuna kuzenga mlandu pa chilichonse sadzakhala ndi mnansi. Dzipatseni masiku atatu kapena sabata imodzi mutaipereka nkhaniyo kwa Mulungu. Ngati pambuyo pake mungathe kumupatsa moni munthuyo mtima uli m'malo, ndiye kuti mwaisiyadi, ndipo musadzaitchulenso. Koma ngati mukapemphera nkhope yake ikubwerabe, ngati mwayamba kusintha njira kuti musakumane naye, ngati cholakwacho chikubwerezedwa kapena chikuvulaza anthu ena, ndiye kuti muyenera kupita.

Kapitidwe kake kali ndi mwambo. Pitani nokha, kwawo kapena pamalo a phee, osati pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka, ndiponso osati kudzera pa foni ngati n'zotheka kuonana. Yambani ndi malonje monga mwa nthawi zonse, musafike ndi nkhope ya mlandu. Kenaka nenani chimene chinachitika ndi mmene chinakukhudzirani, osamuuza chimene chili mumtima mwake, pakuti chimenecho simukuchidziwa. Kwa mnzanu wa msinkhu wanu mungati, "Achimwene, pali kanthu kakundivuta mumtima ndipo sindikufuna kuti kakule. Tsiku lija pamsonkhano munanena kuti ndalama za kwaya sizikuoneka bwino, ndipo ine ndinamva ngati mukunditcha wakuba. Ndimafuna ndimve kwa inu chimene mumatanthauza." Mukatero khalani chete, mumulole alankhule mpaka amalize, ndipo ngati aonetsa mbali imene inu munalakwa, pepesani pomwepo popanda kuwonjezera mawu akuti "koma nanunso".

Ngati amene wakulakwiraniyo ndi wamkulu, monga apongozi, abusa kapena amalume, ulemu usakhale chifukwa chosungira chakukhosi. Paulo anauza Timoteo kuti munthu wamkulu asamudzudzule mwaukali koma amudandaulire ngati atate, ndipo kudandaulira kumeneko n'kumene kukufunika: "Bambo, ndabwera ngati mwana wanu, mundikhululukire ngati ndalakwa polankhula, koma mawu aja anandipweteka." Pa nkhani za m'banja mwambo wathu unatipatsa kale ankhoswe, ndipo kupita kwa iwo n'kogwirizana ndi zimene Yesu ananena, kuti munthu akapanda kukumvera utenge wina mmodzi kapena awiri. Sankhani anthu amene winayo amawalemekezanso, osati a mbali yanu okhaokha. Kukatula nkhani kwa akulu a mpingo kumabwera pamapeto, kupita nokha ndi kupita ndi ena zitalephera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri timayambira kumeneko.

Musaganize kuti kudandaula moyenera n'kusowa uzimu. Pa Machitidwe 6, okhulupirira olankhula Chigriki anadandaula kuti amasiye awo akuiwalidwa pa kagawidwe ka chakudya ka tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawauze kuti angopirira. Anaitanitsa msonkhano, anasankhidwa amuna asanu ndi awiri, mwa iwo Stefano ndi Filipo, ndipo mpingo unapitiriza kukula. Dandaulo lija likanangoyenda m'manong'onong'o, mpingo wa ku Yerusalemu ukanagawanika udakali wakhanda.

Chachisanu, khululukani, ndipo mudzakhululukenso pamene nkhaniyo yabwerera

Anthu ambiri amataya mtima chifukwa anakhululuka Lamulungu, koma Lachitatu atamuona munthuyo mtima unawawanso, ndipo amaganiza kuti kukhululuka kwawo kunali kwabodza. Si choncho. Kukhululuka ndi kusankha kusamulipiritsa munthu ngongole imene ali nayo kwa inu, ndipo chisankho chimenecho chimafunika kuchibwereza nthawi iliyonse imene mtima wafuna kutsegulanso kope la ngongole. Petro atafunsa ngati kukhululuka kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Yesu anamupatsa chiwerengero chosonyeza kuti asamawerenge n'komwe, ndipo anawonjezera fanizo la kapolo amene anakhululukidwa matalente 10,000 koma anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Dinari imodzi inali malipiro a tsiku limodzi la ganyu, kotero ngongole ya mnzakeyo sinali yachibwana, inali ya miyezi yoposa itatu ya ntchito. Yesu sakunena kuti chimene anakuchitirani n'chaching'ono, akungokuonetsani chimene inu munakhululukidwa.

Nkhani ya Davide ndi Simei imandichenjeza kwambiri pa mfundo iyi. Pamene Davide ankathawa mwana wake Abisalomu, Simei wa fuko la Sauli anatuluka ku Bahurimu akumutukwana ndi kumugenda miyala. Abisai, mmodzi wa ankhondo a Davide, anapempha kuti akamudule mutu, koma Davide anakana, akunena kuti ngati mwana wake weniweni akufuna moyo wake, nanga bwanji Mbenjamini ameneyu. Pobwerera anamulumbirira Simei kuti sadzafa. Koma pa 1 Mafumu 2:8-9, ali pafupi kumwalira, Davide anamutchulanso Simei kwa Solomo n'kumuuza kuti asamuyese wosalakwa. Zaka zonsezo mawu a ku Bahurimu anali akadali mumtima mwake, ndipo anawasiyira mwana wake ngati cholowa. Umu ndi mmene udani umayendera m'mabanja mwathu: ana amakula akudziwa kuti kwa azakhali sitipitako, osadziwa chimene chinayambitsa.

Pofuna kuti zisakuchitikireni, chitani zinthu zitatu zooneka. Mupempherereni munthuyo pomutchula dzina, ndipo mumupemphere zabwino zimene mumadzipemphera nokha, osati kuti Mulungu amuphunzitse phunziro. Lekani kufotokoza nkhaniyo, makamaka pamaso pa ana, chifukwa nthawi iliyonse imene mwaibwereza mumatokosa chilonda. Ndipo pakapezeka mpata muchitireni chabwino chenicheni, monga kukamuzonda akadwala kapena kukagona pamaliro a kwawo, monga Aroma 12:20-21 akunenera za kugonjetsa choipa ndi chabwino. Kukhululuka sikukukakamizani kumukhulupirira monga kale. Amene anadya ndalama za gulu mungamukhululukire ndi mtima wonse, koma simuyenera kumusankhanso kukhala msungichuma mpaka ataonetsa kusintha.

Chachisanu ndi chimodzi, limbitsani mtima tsiku loipa lisanafike

Mawu amodzimodzi amagwetsa munthu wina pamene wina amangowapumira m'mwamba n'kupitiriza ulendo, ndipo kusiyana kwake kuli pa chimene aliyense watsamira. Amene ulemu wake wonse uli pa kutchulidwa kutsogolo, pa udindo wa mu mpingo kapena pa kuyamikiridwa ndi apabanja, adzavulala tsiku lililonse. Za Yesu, 1 Petro 2:23 amanena kuti pamene ankanyozedwa sanabwezere chipongwe, koma anadzipereka kwa Iye amene amaweruza molungama. Anatha kukhala chete chifukwa mlandu wake unali ndi Woweruza, ndipo inunso mukadziwa kuti Mulungu waona, simufunikira kuti mudzi wonse uvomereze kuti munalakwiridwa.

Dziyeseni kuti mudziwe pamene pali pofewa panu. Ngati nthawi zonse mumakhumudwa pakatchulidwa za sukulu, za kusabereka, za umphawi kapena za kwanu kumene munachokera, pamenepo pali bala lakale limene likufunika kulitula kwa Mulungu ndi kwa munthu wokhwima m'chikhulupiriro. Zindikiraninso kuti kutopa, njala ndi nkhawa ya ngongole zimafupikitsa mtima, kotero nkhani zolemera musazikambe usiku mutaweruka kuntchito muli wefuwefu. Lowezani mavesi awiri kapena atatu, monga Miyambo 12:16 ndi Aefeso 4:31-32, kuti akhale pafupi pamene mulibe nthawi yotsegula Baibulo. Ndipo musachoke pakati pa abale, chifukwa kuleza mtima sikuphunziridwa uli wekha. Ahebri 12:15 amachenjeza za muzu wa kuwawa umene ukaphuka umadetsa anthu ambiri, ndipo muzu umenewu umakula msanga mwa munthu amene wadzipatula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kuchinena momveka, chifukwa chiphunzitso ichi chagwiritsidwapo ntchito molakwika. Kusakhumudwa msanga sikutanthauza kupirira nkhanza. Mayi amene akumenyedwa, mwana amene akugwiriridwa, wamasiye amene akulandidwa katundu, asauzidwe kuti angokhululuka n'kukhala chete. Yesu atamenyedwa khofi pamaso pa mkulu wa ansembe anafunsa kuti, ngati walankhula bwino, akumumenyeranji, monga zalembedwa pa Yohane 18:23. Paulo atakwapulidwa ku Filipi popanda kuzengedwa mlandu anakana kutulutsidwa m'ndende mwamseri, ndipo anafuna kuti akuluakulu a mzinda abwere okha. Ku Malawi kuli lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo otere. Kukanena kumeneko sikutsutsana ndi kukhululuka, ndipo mkulu wa mpingo amene wamva nkhani yotere ayenera kumuperekeza wovutikayo m'malo momubweza kunyumba.

Nanga ngati mwachita zonsezi koma winayo wakana kumva, kapena wakusekani pamene munapita kukadandaula? Aroma 12:18 amati ngati n'kutheka, monga momwe mungathere inuyo, khalani mwamtendere ndi anthu onse, ndipo mawu akuti "ngati n'kutheka" akuvomereza kuti nthawi zina sizitheka. Ngakhale Paulo ndi Barnaba anakangana kwambiri pa nkhani ya Yohane Marko mpaka anapatukana, wina n'kupita ku Kupro, wina ku Siriya ndi Kilikiya, koma patapita zaka Paulo yemweyo analembera Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Choncho siyani khomo lili lotsegula. Lamulungu likubwerali pitani kutchalitchi kwanu komweko, khalani pamalo panu pa nthawi zonse, ndipo mukakumana naye pakhomo yambani ndinu kutambasula dzanja n'kumufunsa mmene adzukira kunyumba. Akapanda kuyankha, mudzamupatsenso moni sabata yotsatira.